Timaukonde tosokera mwera tautsa milandu 38 000 ku America

Mu Okutobala 2024, kampani ya Becton Dickinson ya ku America, yomwe imapanga zipangizo za m'chipatala, idalengeza kuti yagwirizana ndi maloya a anthu odandaula kuti athetse milandu pafupifupi 38 000 popanda kupitiriza kuzengana kukhoti. Anthuwa ankati adavulala ndi timaukonde ta pulasitiki tomwe madokotala adawasokerera m'thupi powachita opaleshoni ya mwera. Ena ankadandaula kuti bala lawo lidalowa tizilombo n'kuyamba kutuluka mafinya, ena kuti matumbo awo adamatirira ku kaukondeko kapena kubooka, pomwe ena ankadandaula za ululu wosatha. Kampaniyo sidavomere kuti idalakwa, ndipo kuchuluka kwa ndalamazo idakusunga mwachinsinsi, koma nyumba zofalitsa nkhani za kumeneko zidati n'zopitirira $1 biliyoni.

Nkhaniyi siikhudza anthu a ku America okha. Opaleshoni ya mwera ndi imodzi mwa maopaleshoni omwe amachitika kawirikawiri padziko lonse, ndipo makampani omwe akutchulidwa m'milanduyi amagulitsa katundu wawo m'maiko ambiri. Choncho n'kofunika kumvetsa kuti kaukondeka n'chiyani, n'chifukwa chiyani madokotala amakadalira, kamalowa bwanji tizilombo, komanso kuti makhoti amafuna umboni wotani munthu akati kamuvulaza.

Mwera n'chiyani?

Mwera, womwe madokotala amautcha hernia, umayamba pamene minofu yotchinga mimba yafooka kapena kung'ambika penapake, ndiye matumbo kapena mafuta a m'mimba n'kumatulukira pamenepo ndi kupanga chotupa pansi pa khungu. Kawirikawiri chotupachi chimaoneka m'mphechepeche, pamchombo, kapena pachipsera cha opaleshoni yakale. Chimakula munthu akatsokomola, akaimirira nthawi yaitali kapena akanyamula katundu wolemera, ndipo nthawi zambiri chimabwerera m'kati akagona chagada.

Mwera wa m'mphechepeche ndiwo wofala kwambiri. Akatswiri amawerengera kuti pa abambo 100 alionse, pafupifupi 27 amadwala mwera wotere pa moyo wawo, pomwe mwa amayi 100 ndi atatu okha. Chaka chilichonse anthu opitirira 20 miliyoni padziko lonse amachitidwa opaleshoni ya mwera wa m'mphechepeche. Ku America kokha, maopaleshoni a mwera wa mitundu yonse amapitirira 1 miliyoni pachaka.

Mwa munthu wamkulu mwera sudzitsekera wokha, ndipo palibe mankhwala akumwa omwe angautseke. Choopsa chake chachikulu n'chakuti matumbo angathe kupanikizika pachibowocho mpaka magazi kusiya kufikako. Zikatero gawo la matumbolo limayamba kufa, ndipo munthu akapanda kuchitidwa opaleshoni mwamsanga amataya moyo.

Mmene kaukonde kadalowera m'chipatala

Kalelo madokotala ankangokoka minofu ya mbali ziwiri za chibowocho n'kuisoka pamodzi. Njirayi idakhazikika m'zaka za m'ma 1880 kudzera mwa dokotala wa ku Italy, Edoardo Bassini. Vuto lake lidali lakuti minofu yosokedwa mokokana imatha kung'ambikanso, monga mmene nsalu yakutha imang'ambikira m'mbali mwa msoko, ndipo mwera umabwerera.

Mu 1958, dokotala wa ku Texas, Francis Usher, adayamba kugwiritsa ntchito kaukonde kolukidwa ndi ulusi wa pulasitiki ngati chigamba. M'zaka za m'ma 1980, Irving Lichtenstein wa ku Los Angeles adafalitsa njira yoyala kaukondeko pachibowo popanda kukoka minofu. Thupi limamera minofu yatsopano m'timabowo ta kaukondeko, ndipo ziwirizi zimalukana n'kukhala khoma lolimba. Pachingerezi kaukondeka amakatcha mesh, ndipo kambiri kamapangidwa ndi pulasitiki wa polypropylene, kena ndi polyester kapena ePTFE. Pofika m'chaka cha 2000, ku America maopaleshoni a mwera wa m'mphechepeche osagwiritsa ntchito kaukonde adali osakwana 10 pa 100 alionse.

Madokotala adali ndi zifukwa zomveka. Kafukufuku wa ku Netherlands yemwe adasindikizidwa m'chaka cha 2000 adayerekeza njira ziwirizi mwa anthu omwe mwera udawatulukira pachipsera cha opaleshoni. Patatha zaka zitatu, mwera udali utabwerera mwa anthu 43 pa 100 alionse omwe adangosokedwa, pomwe mwa oikidwa kaukonde udabwerera mwa 24. Patatha zaka 10, ziwerengerozo zidafika pa 63 ndi 32.

Koma kafukufuku wina wa ku Denmark, yemwe adatuluka mu 2016 atatsatira odwala opitirira 3 000 a mwera wa mtundu womwewo, adaonetsa mbali ina ya nkhaniyi. Adatsimikiza kuti kaukonde kamachepetsa kubwerera kwa mwera, komanso adapeza kuti pakutha pa zaka zisanu, anthu pafupifupi 6 pa 100 alionse omwe adaikidwa kaukonde pong'amba mimba adakumana ndi mavuto obwera ndi kaukondeko. Mwa omwe adachitidwa opaleshoni ya makina olowetsa patimabowo ting'onoting'ono adali pafupifupi 4 pa 100. Mwachidule, gawo lina la phindu la kaukonde limadyedwa ndi mavuto omwe kamabweretsa pakapita nthawi.

Chifukwa chake tizilombo timakonda kaukonde

Bala lililonse la opaleshoni lingathe kulowa tizilombo, koma chinthu chachilendo chikakhala m'thupi, chiopsezocho chimasintha. Mu 1957 akatswiri awiri a ku London, Elek ndi Conen, adaonetsa kuti pakakhala kaulusi kamodzi kokha kosokera pakhungu, mabakiteriya ochepa kwambiri, kuchepera nthawi pafupifupi 10 000 poyerekeza ndi pomwe palibe ulusi, amakwanira kuyambitsa chithupsa cha mafinya. Kaukonde ndi ulusi wochuluka zedi wolukidwa pamodzi.

Chomwe chimachitika n'chakuti mabakiteriya akamatirira pa pulasitikiyo amadzikuta ndi zinthu zonanda ngati thelele, zomwe akatswiri amazitcha biofilm. M'kati mwa chikutocho amakhala mwakachetechete, asilikali a m'thupi sawafikira bwino, ndipo mankhwala opha mabakiteriya sagwira ntchito mokwanira. Pulasitiki alibe mitsempha ya magazi, choncho mankhwala omwe munthu wamwa kapena kubayidwa safika m'kati mwa ulusiwo monga mmene amafikira mu mnofu. N'chifukwa chake wodwala amatha kupezako bwino pamene akumwa mankhwala, koma akangomaliza, kutupa ndi mafinya zimayambiranso.

Tizilombo tomwe timapezeka kawirikawiri ndi ta mtundu wa Staphylococcus aureus, tomwe timakhala pakhungu ndi m'mphuno mwa anthu ambiri osawadwalitsa. Tina mwa ito, todziwika kuti MRSA, sitimva mankhwala ambiri. Ngati matumbo abooka kapena akhudzana ndi kaukonde, mabakiteriya a m'matumbo nawo amalowerera.

Kapangidwe ka kaukonde kali ndi gawo lalikulu, ndipo apa ndi pomwe nkhani ya chipatala imakumana ndi ya khoti. Bakiteriya mmodzi amatalika pafupifupi mayikironi imodzi, lomwe ndi gawo limodzi mwa magawo 1 000 a milimita. Maselo oyera a magazi omwe amameza mabakiteriya ndi aakulu kuposa pamenepo maulendo 10 kapena kupitirira. Kaukonde kokhala ndi timabowo tochepera mamayikironi 10 kamalola mabakiteriya kulowa koma kamatsekera kunja maselo owasaka. Kaukonde ka timabowo tatikulu, topitirira mamayikironi 75, kamalola maselowo ndi timitsempha ta magazi kudutsa, choncho thupi limatha kudziteteza. Chimodzimodzinso, kaukonde kolukidwa ndi ulusi wopota wa tizingwe tambiri kamakhala ndi timipata tobisalamo tizilombo kuposa ka ulusi umodzi wosalala. Makampani ena amapaka kaukonde zinthu zoletsa matumbo kumatirira, ndipo m'milandu yambiri odandaula akhala akunena kuti zopakazo zimasungunuka msanga, zimasenda, kapena zimasunga madzi omwe tizilombo timaswanamo.

Komabe sikuti vuto lililonse limachokera ku fakitale. Mabuku a zachipatala amaonetsa kuti kaukonde kamalowa tizilombo mwa odwala pakati pa mmodzi ndi asanu ndi atatu pa 100 alionse, malinga ndi mtundu wa mwera ndi opaleshoni yake. Pa mwera wa m'mphechepeche chiwerengerocho n'chotsika, pomwe pa mwera waukulu wa pamimba n'chokwererapo. Chiopsezo chimakula mwa anthu osuta fodya, a matenda a shuga osasamalidwa bwino, onenepa kwambiri, ndi omwe chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika. Chimakulanso opaleshoni ikatenga nthawi yaitali, ikachitika mwadzidzidzi matumbo atapanikizika kale, kapena ukhondo wa m'chipinda cha opaleshoni ukaperewera. Mfundo imeneyi ndiyo makampani amaimirirapo kukhoti.

Zizindikiro ndi chithandizo

Kaukonde kakalowa tizilombo, malo a opaleshoniwo amatupa, amatentha, amapweteka ndipo khungu limasintha mtundu. Munthu amatha kutentha thupi, kunjenjemera ndi kufooka. Pena pachipsera pamatseguka kabowo komwe kamangochucha madzi kapena mafinya osauma. Chomwe chimasokoneza ambiri ndi nthawi: vutoli lingayambe patangotha masabata ochepa, koma lingathenso kuonekera patatha miyezi kapena zaka bala litapola kale, mwakuti wodwala saganizanso za opaleshoni yakaleyo. Kusanza kosalekeza, kutupa mimba, kulephera kuchita chimbudzi, kapena zonyansa za m'matumbo kutulukira pabala ndi zizindikiro zofunika kuthamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa tizilombo tikalowa m'magazi munthu angathe kufa.

Madokotala amayamba ndi kuunika m'mimba ndi makina komanso kutenga mafinya kukayeza kuti adziwe mtundu wa tizilombo ndi mankhwala omwe angatiphe. Ngati kaukondeko n'ka timabowo tatikulu, nthawi zina amakapulumutsa potulutsa mafinya, kutsuka bala ndi kupereka mankhwala kwa nthawi yaitali. Ka timabowo ting'onoting'ono kawirikawiri kamayenera kuchotsedwa. Kuchotsako si ntchito yapafupi, chifukwa kaukondeko kamakhala katalukana ndi minofu, pena katamatirira ku matumbo, ku chikhodzodzo kapena ku mitsempha. Dokotala amatha kudula gawo la matumbo, ndipo akamaliza, chibowo chija chimatsala chokulirapo, mwera n'kubwerera. Wodwala yemwe adapita kuchipatala akuyembekeza opaleshoni imodzi amapezeka wachitidwa itatu kapena inayi, ntchito itaima ndipo ndalama zitatha. Umu ndi mmene anthu ambiri adafikira kwa maloya.

Timaukonde tomwe tidachotsedwa pamsika

Mlandu woyamba waukulu udakhudza kaukonde kotchedwa Kugel, kopangidwa ndi kampani ya Davol, nthambi ya C.R. Bard. M'mphepete mwake mudali kamkombero ka pulasitiki kothandiza kuti katambasuke kakalowa m'mimba. Kamkomberoko kankathyoka mwa odwala ena n'kuboola matumbo. Kampaniyo idayamba kuitanitsa katunduyu mu Disembala 2005 ndipo idaonjezera mitundu ina mu 2006 ndi 2007. Bungwe la FDA, lomwe limayang'anira zakudya, mankhwala ndi zipangizo za m'chipatala ku America, lidaika nkhaniyi m'gulu loyamba, la katundu yemwe angathe kuvulaza kwambiri kapena kupha. Mu 2011 Bard idavomera kulipira $184 miliyoni pothetsa milandu pafupifupi 2 600.

Pankhani ya tizilombo, kampani yomwe idatchuka ndi Atrium Medical ya ku New Hampshire, yomwe kaukonde kake ka C-QUR kadapakidwa mafuta a nsomba. Mu Okutobala 2012 bungwe la FDA lidailembera kalata yochenjeza kuti siinkafufuza mokwanira madandaulo a odwala omwe adalowa tizilombo, kuti njira zake zophera tizilombo pa katundu zidali zosatsimikizika bwino, komanso kuti m'zipangizo zina zomwe zimayenera kukhala zaukhondo kotheratu mudapezeka tsitsi la munthu. Mu 2013 kampaniyo idaitanitsa mitundu ina ya C-QUR chifukwa mafuta aja ankamatirira ku pepala lokutira katunduyo akasungidwa pachinyontho. Mu 2015 khoti lidavomereza mgwirizano womwe udaimitsa kwa kanthawi kupanga katundu wina pafakitale yake ya ku Hudson. Eni ake a Atrium, kampani ya Getinge ya ku Sweden, adalengeza mu Disembala 2021 kuti agwirizana ndi odandaula.

Mu Meyi 2016 kampani ya Ethicon, nthambi ya Johnson & Johnson, idachotsa pamsika mtundu umodzi wa kaukonde kake ka Physiomesh. Zolembedwa m'kaundula wa odwala mwera ku Germany ndi ku Denmark zidaonetsa kuti oikidwa kaukondeka mwera unkawabwerera ndipo ankachitidwanso opaleshoni kawirikawiri kuposa oikidwa mitundu ina. Chochititsa chidwi n'chakuti vutoli lidadziwika chifukwa maiko awiriwa amalemba ndi kutsatira odwala awo kwa zaka zambiri.

Palinso vuto la katundu wachinyengo. Mu 2010 bungwe la FDA lidachenjeza zipatala kuti pamsika pali timaukonde tabodza tolembedwa dzina la Bard. Titayezedwa, tina tidapezeka kuti sitidaphedwe tizilombo ngakhale paketi yake inkati n'taukhondo.

Kadaloledwa bwanji kugulitsidwa?

Ambiri amaganiza kuti chipangizo chilichonse choikidwa m'thupi chimayamba chayesedwa pa anthu kwa zaka. Ku America sizili choncho nthawi zonse. Lamulo la 1976 lidatsegula njira yachidule yotchedwa 510(k), yomwe imalola kampani kugulitsa chipangizo chatsopano ikangoonetsa kuti n'chofanana kwambiri ndi china chomwe chili kale pamsika. Timaukonde tambiri ta mwera, kuphatikizapo Physiomesh mu 2010, tidadutsa njira imeneyi. Mu 2011 bungwe la akatswiri la Institute of Medicine lidaunika njirayi ndipo lidati siitsimikizira kuti chipangizo n'chosavulaza, choncho ilowedwe m'malo ndi ina. Njirayi ikugwirabe ntchito.

Njira yachiduleyi ndiyonso idatsegulira odwala khomo la khoti. Mu 2008 khoti lalikulu la America lidagamula kuti kampani yomwe chipangizo chake chidaunikidwa mozama ndi FDA siingasumiridwe wamba pa malamulo a zigawo za dzikolo. Koma pa chigamulo china cha 1996, khoti lomwelo lidali litanena kale kuti chitetezo chotere sichikhudza zipangizo zodutsa pa 510(k). N'chifukwa chake milandu ya timaukonde yakhala ikumvedwa.

Mmene milanduyi imayendera

Wosumira kampani amatsamira pa chimodzi kapena zingapo mwa zifukwa zitatu. Choyamba n'chakuti kapangidwe ka chipangizocho n'kolakwika kuyambira pachiyambi, monga kamkombero kothyoka kaja. Chachiwiri n'chakuti kapangidwe kadali bwino koma gulu lina la katunduyo lidaonongeka kapena kudetsedwa pafakitale. Chachitatu n'chakuti kampani idadziwa za chiopsezo koma sidachenjeze mokwanira. Pa chachitatuchi, malamulo a zigawo zambiri za America amati udindo wa kampani ndi kuchenjeza dokotala, osati wodwala mwachindunji, choncho umboni wa dokotala yemwe adachita opaleshoni umakhala wofunika kwambiri. Mlandu wosumira kampani ndi wosiyana ndi wosumira dokotala kapena chipatala chifukwa chosasamala ntchito.

Milandu ikachuluka, makhoti a boma la America amaisonkhanitsa kwa woweruza mmodzi kuti umboni wofanana usamveke kambirimbiri. Ya Bard idasonkhanitsidwa mu 2018 mumzinda wa Columbus ku Ohio pansi pa woweruza Edmund Sargus, ya Atrium ku New Hampshire, ya Ethicon ku Atlanta, ndipo ya Covidien, nthambi ya Medtronic, ku Massachusetts. Ngakhale zili choncho, mlandu wa munthu aliyense umakhalabe paokha, ndipo chipukuta misozi chimatengera kukula kwa kuvulala kwake. Woweruza amasankha milandu ingapo yoyesera kuti mbali zonse zione momwe mphepo ikuombera zisanakambirane zogwirizana.

Zotsatira za milandu yoyesera ya Bard zikuonetsa kuti kupambana sikophweka. Woyamba, mu 2021, kampani idapambana. Wachiwiri, mu Epulo 2022, bambo wina yemwe adatuluka chithupsa cha mafinya m'mimba ataikidwa kaukonde ka Ventralex adapatsidwa $255 000 pamodzi ndi mkazi wake. Mu Ogasiti chaka chomwecho khoti la chigawo cha Rhode Island lidapatsa wodandaula wina $4.8 miliyoni, ndipo mu Novembala 2023 wina adapatsidwa $500 000 ku Ohio. Zitatha izi ndi pomwe Becton Dickinson, yomwe idagula Bard mu 2017, idasankha kugwirizana ndi odandaula, ndipo ndalamazo izilipira kwa zaka zingapo.

Pomwe pamavuta kwambiri ndi kutsimikizira khoti kuti kaukondeko ndiko kadayambitsa matenda. Maloya a kampani amafunsa ngati wodwala amasuta, ngati ali ndi shuga, ngati adanenepa, ndiponso ngati dokotala adakayala bwino kaukondeko. Amakumbutsanso kuti chiopsezo cha tizilombo chidalembedwa pamalangizo a katunduyo ndipo dokotala aliyense amachidziwa. Kuti ayankhe, wodandaula amafunika lipoti la opaleshoni yoyamba, dzina la kaukondeko ndi nambala ya gulu lomwe kadapangidwira, zotsatira za kuyeza mafinya, lipoti la opaleshoni yochotsa, komanso kaukonde kochotsedwako ngati chipatala chidakasunga. Popanda dzina la kaukonde, mlandu umafera pakhomo chifukwa sipadziwika wosumiridwa.

Nthawi nayo ili ndi malire. M'zigawo zambiri za America munthu amakhala ndi zaka ziwiri kapena zitatu zokasumira, ndipo kawirikawiri zimawerengedwa kuyambira pomwe adadziwa, kapena akadayenera kudziwa, kuti vuto lake likuchokera ku chipangizocho. Maloya a milandu yotere salipiritsa poyamba, koma mlandu ukapambana amatengapo gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kufika 40 pa 100 ya chipukuta misozi, ndipo zolipira zina za mlandu ndi za chipatala zimachotsedwanso pomwepo. Ndalama zomwe zimafika m'manja mwa wodwala zimakhala zochepa kuposa zomwe zimamveka m'nyuzipepala.

Ku Britain, komwe kulinso Amalawi ambiri, nkhaniyi idabuka mu 2018 pomwe wailesi ya BBC idati mwa anthu pafupifupi 570 000 omwe adaikidwa kaukonde ka mwera ku England m'zaka zisanu ndi chimodzi, okwana 170 000 angakhale atakumana ndi mavuto. Chiwerengerochi chidali chongoyerekeza ndipo chidaphatikiza mavuto a mitundu yonse, makamaka ululu wosatha. Kumeneko milandu yambiri imatsamira pa chigamulo cha khoti lalikulu cha 2015 pa mlandu wa Montgomery, chomwe chidati dokotala ayenera kufotokozera wodwala ziopsezo zonse zikuluzikulu komanso njira zina zomwe zilipo asanavomere opaleshoni.

Phunziro la ku Uganda

M'maiko osauka vuto limakhala losiyana: kaukonde ka makampani n'kodula, ndipo odwala ambiri amafika kuchipatala mwera utakula kwambiri. Madokotala ena ku India, Ghana ndi Uganda akhala akugwiritsa ntchito kachidutswa ka neti ya udzudzu yosanyikidwa m'mankhwala, atakachapa ndi kukaphika m'makina ophera tizilombo a m'chipatala. Kafukufuku yemwe adachitika ku Uganda pa abambo 302, n'kusindikizidwa mu 2016, adapeza kuti patatha chaka panalibe kusiyana kwenikweni pakati pa kaukonde kotchipaka ndi ka makampani pa kubwerera kwa mwera kapena mavuto a pabala. Koyambako mtengo wake sunkafika $1, pomwe kenako kankagulidwa pafupifupi $125. Izi sizikutanthauza kuti neti iliyonse ingalowe m'thupi, chifukwa yomwe adagwiritsa ntchito idali ya pulasitiki wodziwika ndi woyesedwa. Zikungoonetsa kuti chofunika ndi mtundu wa ulusi, kukula kwa timabowo ndi ukhondo, osati mtengo kapena dzina la kampani.

Zomwe wodwala ayenera kuchita

M'Malawi muno maopaleshoni a mwera amachitika m'zipatala zikuluzikulu, za m'maboma, za mishoni ndi zolipira, ndipo ena amakachitidwa kunja monga ku India ndi ku South Africa. Ena amaikidwa kaukonde, ena amangosokedwa. Njira yosoka yokha sidathe ntchito: chipatala cha Shouldice ku Canada chadziwika kwa zaka zambiri posoka mwera wa m'mphechepeche popanda kaukonde, ndipo zotsatira zake n'zabwino. Koma njirayi imafuna luso lapadera ndipo siyenera mwera uliwonse.

Yemwe akuyembekeza opaleshoni ali ndi ufulu wofunsa ngati aikidwa kaukonde, ka mtundu wanji, chifukwa chiyani, ndiponso ngati pali njira ina. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ndi bwino kupempha kuti dzina la kaukondeko ndi nambala yake zilembedwe m'buku lake la kuchipatala, makamaka ngati opaleshoni ikuchitikira kunja komwe kudzakhala kovuta kukatenganso zikalata. Kusiya fodya kwa masabata anayi kapena kupitirira opaleshoni isanachitike, kutsitsa shuga ndi kuchepetsa thupi kumachepetsa chiopsezo cha tizilombo. Yemwe waona zizindikiro asadzigulire yekha mankhwala opha mabakiteriya, chifukwa amangobisa matendawo ndi kusokoneza zotsatira za kuyeza mafinya. Wokhala ndi dandaulo angayambe kwa ombudsman wa pachipatala, ndipo ngati likukhudza kagwiridwe ntchito ka dokotala angapite ku bungwe la Medical Council of Malawi. Wofuna chipukuta misozi aonane ndi loya msanga, poti malamulo a kuno nawo amaika malire a nthawi yokasumira.

Madokotala salimbikitsa kuchotsa kaukonde mwa munthu yemwe sakumva vuto lililonse, ngakhale katakhala ka mtundu womwe udachotsedwa pamsika, chifukwa opaleshoni yochotsayo ili ndi ziopsezo zake. Anthu ochuluka omwe adaikidwa kaukonde amakhala nako moyo wawo wonse osadandaula. Salimbikitsanso kuthawa opaleshoni chifukwa cha mantha a milanduyi. Mwera womwe wauma, ukupweteka kwambiri ndipo sukubwerera m'kati ungaphe munthu m'masiku ochepa, ndipo opaleshoni yochitika mwadzidzidzi pa nthawi yoteroyo ndiyo imakhala ndi chiopsezo chachikulu cha tizilombo kuposa yokonzekera bwino.